Maola 10 oyamba a injini yatsopano ya boti

Injini ikangotuluka m'bokosi, mtima umafuna kuimangirira kumbuyo kwa boti n'kuipatsa moto wonse kuti uone mphamvu zake. Apo mpamene ambiri amaiphera isanakule. Yanga ndi Yamaha ya 40 hp, ya 2-stroke, mtundu uja wosakaniza wekha oyilo ndi petulo, ndipo ndinaizoloweretsa motere.

Ndinayamba ndi mafuta. Pa maola 10 oyamba oyilo amachuluka kawiri kuposa masiku onse, 25:1, kutanthauza mamililita 40 pa lita imodzi ya petulo. Pa malita 20 ndinathira mamililita 800, ochita kuyeza, osati kungoyerekeza ndi maso. Oyilo wake ndi uja wolembedwa TC-W3 pabotolo. Wa galimoto ayi. Ndinathira oyilo ndi petulo pang'ono kaye, n'kukhutchumula thanki, kenako n'kudzaza. Utsi umafuka kwambiri ndipo mapulagi amada msanga, koma zimenezo zisakuopseni.

Ndisanakoke chingwe ndinamangitsa injini pathabwa la kumbuyo, n'kutsitsa mwendo wake m'madzi. Ndinamasula kachomangira kolowetsa mpweya pachivundikiro cha thanki, n'kufinya kampira kopopera petulo mpaka kulimba gwaa. Giya pa nyutulo, choko, kachingwe kozimitsira injini padzanja. Itangolira, maso anga anapita pakabowo kotulutsa madzi pansi pa chivundikiro. Madzi aja akamatuluka ngati kamkodzo, ndiye kuti pampu ikuziziritsa injini. Akapanda kutuluka, zimitsani pompo. Mkati mwa pampuyo muli impeller, fani ya labala yokankha madzi, yomwe imapsa m'kanthawi kochepa ikazungulira pouma, n'chifukwa chake kuliza injini kumtunda "kungofuna kumva kulira kwake" ndimakana, ngakhale wopempha akhale mnzanga.

Mphindi 10 zoyamba inangolira pa nyutulo, pamoto wochepa. Mphindi 50 zotsatira ndinalowetsa giya koma osapyola theka la moto, cha m'ma 3,000 rpm, kutanthauza maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi imodzi. Injini yanga ilibe wotchi yowerengera zimenezo, choncho ndinkangodalira khutu ndi mmene ndapotolera chogwirira.

Chovuta kumvetsa n'chakuti kuyenda pang'onopang'ono kokhakokha nakonso kumawononga. Maring'i a pisitoni ndi khoma la silinda zimachoka kufakitale zisanagwirane bwino. Zimafunika zikhulane mpaka zikhazikike, ndipo chimakankhira maring'i kukhoma ndi mphamvu ya kuyaka kwa mafuta. Mukaithamangitsa kwambiri, kutentha kumakanda silinda. Mukangoinyengerera tsiku lonse pamoto umodzi, khoma limaterera maring'i asanakhazikike, ndiye injini imakhala yofooka moyo wake wonse, mafuta n'kumamwa ambiri. Ndiye ine ndinkasinthasintha: kukweza pang'ono, kutsitsa, kukwezanso, osakhalitsa pamodzimodzi. Katundu wolemera m'boti ndinamusiya kaye.

M'maola 2 otsatira ndinkaipatsa moto wonse kuti boti lidzuke pamadzi, likangodzuka n'kubwezera pa magawo atatu mwa anayi a motowo. Mwa apo ndi apo moto wonse kwa mphindi imodzi, kenako mphindi 10 zopumira pamoto wocheperapo. Maola 7 otsalawo inkayenda liwiro lililonse, bola moto wonse usapyole mphindi 5 nthawi imodzi. Maolawa ndinkalemba m'kabuku, chifukwa pamadzi nthawi imanamiza. Mitundu ina ya injini, makamaka za 4-stroke, ili ndi ndondomeko yake, choncho buku la injini yanu ndilo lili ndi mawu omaliza.

Maola 10 atakwana ndinabwerera pa 50:1, mamililita 20 pa lita, n'kusintha oyilo wa magiya kumwendo. Pali zomangira ziwiri, chapansi ndi chapamwamba. Ndinamasula chapansi, kenako chapamwamba, oyilo n'kuchucha m'chitini. Tizitsulo tosalala ngati fumbi sitidetsa nkhawa pakusintha koyamba, koma oyilo akatuluka woyererako ngati mkaka ndiye kuti madzi akulowa ndipo silo, labala yotchinga madzi kuti asalowe m'magiya, yatha. Watsopano, wa SAE 90, amalowera kubowo lapansi. Mumafinya mpaka atulukire kumwamba, n'kutseka chapamwamba kaye botolo likadali pamalo pake, kenako chapansi mwachangu. Mukathirira kumwamba mpweya umatsalira mkati, inu n'kumati mwadzaza. Mawashala a zomangirazo ikani atsopano.

Ndinachotsanso pulopela. Ulusi wa mbedza ndi zidutswa za ukonde zimakulungika kuseri kwake osaoneka, ndipo ndizo zimadula silo ija. Ndinapukuta shafiti, kupaka girisi, kubwezera ndi pini yatsopano. Mapulagi ndinawayang'ana nsonga: yofiirira ndiye yabwino, yakuda bii yonyowa ikutanthauza oyilo wachuluka, yoyera mbee ikutanthauza injini ikutentha. Oyilo wa magiyayo ndimasinthanso pa maola 100 alionse, ndipo injini ikayenda m'madzi amchere kapena amatope ndimaitsuka mkati ndi madzi abwino tsiku lomwelo.