Tsiku lomwe ndinapha munthu ndi chimfine

Ine za magemu sindizidziwa, ndinene poyambirira. Ndiye ndafika kwa alamu anga ndawapeza ali duu pa sofa maso ali pa sikirini, ndikuti filimu yanji imeneyi, iwo akuti "si filimu alamu, ndi Until Dawn, gemu ya pa PlayStation 4 ya 2015." Ine kutsutsa, pajatu nkhope ya Rami Malek, katswiri wa mafilimu uja, ndimaidziwa, ndipo ndi uyo akuphethira apoyo.

Mpamene anayamba kundiphunzitsa, akuti anthu a zisudzo amawamata timadontho kumaso ndi pa zovala, makamera ambirimbiri nkumatsatira mmene timadonthoto tikuyendera, kenako kompyuta imatenga mayendedwe amenewo nkuvekapo khungu, tsitsi, ndi thukuta lomwe. Akuti motion capture. Ndiye nkhaniyo siyenda yokha ayi, umasankha ndiwe, muli achinyamata 8 ndipo atha kupulumuka onse kapena kutha onse psiti malinga ndi zala zako. Alamuwo anali atalimbana nayo mausiku atatu, onse 8 ali moyo, akuyandikira kumapeto, kunyada kwake ngati ana awo obereka okha.

Basi foni yawo yalira, abwana akuntchito. Alamuwo andipatsa padi yoseweretsera gemu ija, "tangogwirani kaye alamu, musadine chilichonse." Zoti pali batani loimitsira gemu sanaziganize, ine ndiye ndikanadziwira kuti?

Sipanathe mphindi, chilombo cha mugemumo chatulukira, mtsikana wina dzina lake Sam waima njo osapuma, pa sikirini alemba kuti usagwedezeke. Kumeneko padiyo imamva ukangosuntha dzanja pang'ono pokha. Ine ndauma gwa ngati chipilala, mpweya ndaugwira, mumtima ndikuti izi ndiye ndizitha, kungokhala osachita kanthu ndi luso langa kuyambira kale. Koma mphuno abale. Inayamba kunyerenyetsa chapansipansi, ndalimbana nayo, misozi ili mbwee, kenako etsiii! Padi mpaka pa kapeti.

Nditatukula maso mtsikana uja anali atapita.

Alamu polowa anangoima pakhomo foni ili kumanja. Ndikuti bwezani mmbuyo tiyambirenso pomwe paja, iwo akuti gemuyi imasunga yokha chilichonse chikangochitika, wafa wafa basi. Anakhala pansi mwakachetechete, mayi akunyumba kwawo, achemwali anga enieni, kutuluka kukhitchini nkufunsa kuti kwagwanji.

"Achimwene anuwa apha Sam."

Achemwali anagwira pamtima nkufunsa kuti Sam wake wa kwa ndani.