Dziko langa lapachilumba ndi funso la mwadiya

Temu ino aphunzitsi athu a mbiri anatipatsa ntchito yoti aliyense apeke dziko lapachilumba, alembe mbiri yake ndi kalamulidwe kake. Ine usiku umodzi wokha ndinali nditamaliza: pulezidenti, nyumba ya malamulo, makhoti, chisankho pakatha zaka 5 zilizonse, mbendera ya nsomba pakati. Kunena zoona, ndinangotenga Malawi n'kumuzunguliza madzi.

Atawerenga, aphunzitsi anandibwezera pepala n'kufunsa kuti, "Iwe, madzi akasefukira pachilumba chakochi, mwadiya amaulamula ndani?" Ndinasowa choyankha, ndipo zinandikhudza, poti ndine mwana wa kuno ku Nsanje. Mu Januwale 2015 Ruo ndi Shire atakwiya, Makhanga anasanduka chilumba chenicheni. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023 ndinaona ndi maso anga amayi atasenza mwana ndi thumba la mapira, akudikira pagombe kuti aitanidwe kukwera. Tsiku limenelo wonena kuti uyu ayambe, uyu adikire, ndiye anali boma.

Ndiye ndinayambiranso. Ndinapita kwa agogo, amene anali pakhonde akusadzula mtedza, n'kuwafunsa kuti kale madzi akaphwera minda ya kudimba ankaigawa bwanji. Anaseka n'kuti, "Mdzukulu wanga, madzi amafufuta malire chaka chilichonse. Bango limene unaikira chizindikiro ukalipeza lapita. Ndiye nyakwawa ndi akuluakulu amayenda m'matopemo, kukumbutsana kuti apa ankalima uje." Apa m'pamene ndinamvetsa kuti pachilumba changa udindo woyamba suyenera kukhala wa pulezidenti, koma wa anthu osunga malire pamtima. Ndinalemba bwalo la okumbukira minda, lokhala ndi amayi ambiri, chifukwa kwathu kuno amene amadziwa pothera mzere wa mbatata ndi iwowo. Lamulo loyamba la dzikolo ndinalilemba motere: madzi akafika pamtengo woikika, mwadiya uliwonse ndi wa mudzi mpaka ataphwera.

Mbiri nayo ndinaiphwasula. Poyamba ndinali ndi kholo limodzi lotulukira chilumba, anthu onse n'kuchokera mwa ilo. Koma chigwa chathu chomwechi sichinayende choncho. Kunali Amang'anja pansi pa Lundu, ndi kachisi wa Mbona ku Khulubvi kumene ankapempha mvula. David Livingstone anakwera Shire mu 1859, ndipo Amakololo amene anabwera naye anatsala kuno ndi mfuti zawo, ena n'kukhala mafumu ku Chikwawa. Asena anabwera kuchokera ku Zambezi. Azungu nawo Nsanje anaitcha Port Herald. Chilumba changa tsopano chili ndi magulu atatu ofika nthawi zosiyana, ndipo lililonse limafotokoza mwakemwake za amene anayamba kuponda pamenepo. Ndinasiya nkhani zitatuzo zikutsutsana, osasankha yoona.

Za mtsogoleri ndinabwereka nzeru ku Comoros, dziko la zilumba limene linalandira ufulu mu 1975. Atavutika ndi kulandana boma, malamulo a 2001 anakonza zoti upulezidenti uzizungulira pakati pa Grande Comore, Anjouan ndi Mohéli. Kwanga mpando ukuzungulira pakati pa a kudimba, a kumphala (olima kumtunda) ndi asodzi.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi mutu wotsiriza. Mtsogoleri wa kumphala akulamula kuti a m'mbali mwa madzi asamukire kumtunda, iwo akukana, ati chonde chili kudimba ndipo manda a makolo awo ali komweko. Onse ndikuwamvetsa, chifukwa mkangano umenewu ndaumva pabwalo la kwathu. Ndalemba chigamulo kawiri, kawiri konse ndafufuta. Ntchitoyi tikupereka Lachisanu, ndipo mawa ndibwereranso kwa agogo ndi kope langa.