Nsungwi zalowa m'madzi ku Malombe

Ndangochoka kudoko kuno ku Malombe, mtima uli mbee. A BVC (komiti ya m'mudzi yoyang'anira za usodzi padoko) ndi anyamata a m'mudzi apakira nsungwi ndi nthambi za mitengo m'maboti, azimanga m'mitolo ndi zingwe, n'kumangirira miyala kunsi kuti zisayandame. Atafika pamalo a m'nyanja otetezera nsomba, amangogwetsa mtolo umodziumodzi, phava! Nsungwi zina azizika m'matope, mitu yake ikuonekera pamwamba kuti wodutsa aliyense adziwe.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti nsomba tazibwezera pokhala. Maukonde a nkacha ndi makoka anakokolola udzu wa pansi pa nyanja ino, chambo chinasowa pobisala, ndipo tonse tikudziwa kuti kuyambira zaka za m'ma 1990 tangotsala ndi kambuzi. Pa nsungwi zomira pamamera ndere, tinsomba timadya pomwepo. Chambo chachikazi, chija chimasunga mazira m'kamwa, chikalavula ana ake amathawira m'nthambimo, mlamba kapena mbalame osawapeza msanga. Ndiye wobwera usiku ndi khoka aganize kawiri, chifukwa likangokola pamenepo limatuluka lili zibowo zokhazokha. Ku Benin, pa nyanja ya Nokoué, asodzi akhala akuchita zimenezi kuyambira kalekale, amati acadja.

Pempho langa kwa inu asodzi anzanga: tisakavuule msanga. Tizisiye nsombazo zikule, zikachuluka zidzatuluka zokha kubwera kumene timaponya maukonde. Ndipo nthambi tizisadza, osagwetsa mtengo wonse, nsungwi tidzale zathu m'mbali mwa madimba poti zomirazo zimaola, chaka chamawa zidzafunika zina.