Lipoti la ulendo wokaona malo amene achifwamba a pa akavalo ankabisalira ku England

Gulu lathu la okonda mbiri yakale linayendera Shooter's Hill, York ndi Hounslow Heath, kutsata nkhani ya achifwamba okwera akavalo amene anasautsa apaulendo kuyambira cha m'ma 1650 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800.

Tinayambira ku Shooter's Hill, pa msewu wakale wochoka ku London kupita ku Dover. Chitunda chake n'chachitali ndithu, ndipo nkhalango ya Oxleas ikadalipo m'mbali mwake. Ngolo yonyamula anthu ikafika pamenepa, akavalo ankangokwawa. Wachifwamba ankatulukira kutsogolo, kuloza woyendetsa ndi mfuti, kulanda zikwama za ndalama, mawotchi ndi mphete, basi n'kulowa m'tchire. Ambiri ankatsinidwa khutu ndi antchito a m'nyumba zogona alendo, amene ankaona kuti ndani ali ndi chikwama cholemera. Mfuti yake inali kagogodela kakafupi kowomba kamodzi kokha, ndipo onga ukanyowa sinkalira. N'chifukwa chake ankanyamula ziwiri kapena kuposerapo.

Chinakolezera uchifwambawu n'chiyani? Nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640 inasiya amuna ambiri odziwa kavalo ndi mfuti koma opanda ntchito. Apolisi onga a masiku ano kunalibe. Amalonda ankayenda ndi ndalama za golide ndi siliva, zimene zikabedwa mwini sangazizindikire. Maulendonso anali aatali: mu 1706 ngolo inkatenga masiku anayi kuchoka ku London kukafika ku York, mtunda umene sitima inatitengera maola awiri okha.

Ku York tinaona zipinda za ndende yakale mu York Castle Museum, kumene wachifwamba wotchuka Dick Turpin anasungidwa, komanso mwala wa manda ake kumanda a tchalitchi cha St George's. Ananyongedwa pa 7 Epulo 1739 ku Knavesmire, kumene lero amachitirako mipikisano ya akavalo. Mlandu wake unali wakuba akavalo. Ankadzitcha John Palmer, koma kalata imene analemba ali m'ndende inamuulula, chifukwa amene anamuphunzitsa kulemba anazindikira kalembedwe kake. Zoti anathamanga pa kavalo mmodzi usiku umodzi kuchoka ku London kufika ku York, mamailosi pafupifupi 200, n'zopeka zimene zinatchuka patapita zaka pafupifupi 100 iye atafa. Ulemu umene amalonda okopa alendo amamupatsa sumuyenera: asanayambe za m'misewu anali m'gulu lothyola nyumba ku Essex, lozunza ngakhale nkhalamba.

Boma linkadalira kwambiri chingwe chonyongera. Lamulo la 1692 linkapereka mapaundi 40 kwa wogwira wachifwamba amene khoti lamupeza wolakwa, kuphatikizapo kavalo ndi zida zake. Mitembo ya ena inkapachikidwa m'zitsulo m'mbali mwa msewu kuti anzawo atengerepo phunziro. Uchifwamba sunathe. Mphothoyo inabweretsanso vuto lina, anthu onamizira anzawo kuti alandire ndalama.

Chimene chinathetsa mchitidwewu tinachiona bwino ku Hounslow Heath, kumene misewu ya ku Bath ndi ku Exeter inkadutsa m'chipululu chachikulu. Lero kwangotsala kachigawo kochepa, kwina kuli nyumba ndi bwalo la ndege la Heathrow. Malowa anagawidwa n'kutchingidwa ndi mipanda isanakwane 1820, wachifwamba n'kusowa kothawira. Misewu ikuluikulu inali itadzaza ndi zipata zolipiritsa, zonga za ku Chingeni, chilichonse chili ndi mlonda wotha kukumbukira nkhope ya munthu ndi mtundu wa kavalo wake. Kuyambira 1784 makalata anayamba kuyenda pa ngolo zothamanga zokhala ndi mlonda wa mfuti kumbuyo, m'malo mwa mnyamata mmodzi pa kavalo. Mabanki atachuluka, anthu anayamba kuyenda ndi ndalama zamapepala zokhala ndi manambala, zosavuta kuzilondola. Mu 1805 alonda a pa akavalo a kukhoti la Bow Street ku London anayamba kuyendera misewu yolowa mu London usiku. Pamene njanji zinkafalikira m'ma 1830 ndi 1840, achifwamba otere anali atatha kale.

Ofuna kukaona okha ayambe ndi Shooter's Hill ndi Hounslow tsiku limodzi, York aipatse tsiku lakelake. Ku Hounslow Heath kumakhala matope mvula ikagwa, choncho valani nsapato zolimba.