Tsiku limene Perry Mason analuza mlandu

Mwa magawo 271 a sewero la Perry Mason amene wailesi ya kanema ya CBS inaonetsa ku America kuyambira 1957 mpaka 1966, limene landikhala pamtima ndi lija loyayu analuza mlandu. Dzina lake ndi The Case of the Deadly Verdict, la mu 1963. Ndinalionera kuno ku Kasungu pa laputopu ya mwana wa achemwali anga, zithunzi zake zakuda ndi zoyera basi.

Kwa inu amene simunalionepo, Perry Mason ndi loya wa ku Los Angeles, munthu wongopeka. Anamupeka ndi Erle Stanley Gardner, amene nayenso anali loya asanatchuke ndi mabuku. Pa kanema amasewera ndi Raymond Burr, bambo wa thupi, wa maso aakulu, wolankhula mosathamanga. Ali ndi mlembi wake Della Street, komanso Paul Drake amene ntchito yake n'kuyenda kusaka mboni. Mbali inayo kuli Hamilton Burger woimira boma. Kayendedwe ka nkhani sikasinthasintha: munthu waphedwa, apolisi agwira wosalakwa, Mason apanikiza mboni ndi mafunso mpaka wakupha weniweni aulula yekha. Milandu yambiri imathera poyambirira pomwe, isanafike n'komwe pamaso pa jury, gulu lija la anthu wamba 12 amene amagamula ngati munthu walakwa kapena ayi.

Koma gawo ili limayambira pomwe ena ambiri safikapo. Jury yabwerera m'khoti, ndipo yati Janice Barton ndi wolakwa pa mlandu wopha azakhali ake. Chilango chake ndi imfa, ndipo masiku amenewo ku California ankaphera m'chipinda cha mpweya wa poizoni. Chinamugwetsa mayiyu, yemwe amaseweredwa ndi Julie Adams, si umboni wa boma wokha ayi. Anagwidwa bodza m'khoti, ndipo anakana kufotokoza chimene ananamira, ngakhale kwa loya wake yemwe.

Apa mpamene ndinakhala tsonga. Munthu wosalakwa amanama bwanji moyo wake uli pachiswe? Amanama ndithu, anzanga. Amanama chifukwa cha manyazi, chifukwa choopa kugwetsa banja la wina, chifukwa chobisa m'bale. Aliyense amene anakhalapo pa bwalo la a nyakwawa akudziwa kuti munthu akhoza kubisa komwe anagona usiku wina, pamene mbuzi yomwe akumunenerayo sanaikhudze n'komwe. Vuto n'lakuti oweruza akangogwira bodza limodzi, zoona zako zonse zimapita nalo limodzi. Olemba gawoli anachigwira bwino chimenechi, kuposa m'magawo aja amene wakupha amaimirira n'kuyamba kulira kuti ndine. Zimenezo zimakoma kuonera, koma sindikhulupirira kuti m'khoti lenileni zimachitika kawirikawiri.

Chimene chinapulumutsa Janice n'choti loya wake sanapinde mapepala n'kupita kwawo chigamulo chitaperekedwa. Anayambiranso pachiyambi, kufunsanso anthu omwe anawafunsa kale, mpaka wakupha weniweni anapezeka. Sindikuuzani kuti ndi ndani, mukadzionere nokha.

Ine zinandikumbutsa za kwathu kuno. Anthu ataphedwa motsatizana ku Chilobwe mu Blantyre kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, boma la Dr Banda, mwana wa kuno ku Kasungu, linasintha lamulo mu 1969 kuti makhoti a mafumu azizenga ngakhale milandu yakupha. M'makhoti amenewo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Orton Chirwa, amene anali loya wodziwika ndipo anakhalapo nduna ya zachilungamo, anaimirira pamaso pa khoti lotere pamodzi ndi mayi Vera Chirwa, ndipo mu 1983 onse awiri anagamulidwa kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Bambo Chirwa anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992, mayi anatuluka mu 1993. Ngati loya weniweni zinamuthera chonchi, nanga mlimi wa fodya wa ku Chulu kapena ku Santhe akanatani?

Zinthu zinasintha, ndipo ndikuyamikira. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amati munthu akamangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48. Chinyongereni anthu mu 1992, dziko lino silinanyongenso munthu. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti lalikulu linagamula kuti si zoona kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingopatsidwa imfa popanda kumva mbali yake. Koma taonani kuchedwa kwake: ntchito yomvanso akaidi amene anali kale pa mzere wa imfa inadzayamba mu 2015. Akaidi oposa 150 anamvedwanso, ndipo ambiri anatuluka. Ndimakonda kudziwa mmene zinayendera. Alangizi a zamalamulo, aja timawatcha maparaligo, anayenda m'midzi, kukhala pansi ndi mafumu, achibale a womangidwa ngakhalenso a womwalira, kufunsa kuti munthuyu anakula bwanji, mutu wake unali bwino kodi, tsikulo chinachitika n'chiyani. Ntchito ya Paul Drake yeniyeni ndi imeneyo, kungoti iwo analibe galimoto yonyezimira ya ku Los Angeles.

Chilango cha imfa chikadali m'malamulo athu. Mu April 2021 khoti la Supreme linamveka ngati lachithetsa pa mlandu wa Khoviwa, koma mu August chaka chomwecho oweruza anafotokoza kuti sichinathe. Ine maganizo anga sindibisa: chichoke. Khoti ndi anthu, ndipo anthu amakhulupirira mboni yolankhula bwino kuposa yachibwibwi. Wotsekeredwa molakwika ungamutsegulire chitseko n'kumupepesa. Wonyongedwa ungamutani?

Pali chinanso chimene sewero lija silionetsa, chomwe kwa ife n'chachikulu kuposa chingwe. Ndi rimandi. Kumudzi kwathu kunali mnyamata wina, sindimutchula dzina, amene anatengedwa munthu atapezeka atafa m'mbali mwa munda pambuyo pa mowa wamasese. Chomwe anamugwirira n'choti anakangana ndi malemuyo madzulo ake, anthu akuona. Atafunsidwa komwe anapita atachoka pamowapo, ananena zosamveka, chifukwa komwe anapitako kunali kunyumba kwa mkazi wa mwini. Milandu yakupha sazenga a majisitireti, imadikira khoti lalikulu, ndiye anakhala. Mvula inagwa, anthu anakolola, inagwanso, iye ali momwemo osaweruzidwa. Mayi ake ankagulitsa mtedza ndi nkhuku kuti apeze thiransipoti yokamuona. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Amayi, loya munamupeza?" Anandiyang'ana n'kuti, "Mwanawe, loya ndi wa anthu a ndalama."

Sanadziwe kuti munthu wosauka akhoza kuimiridwa ndi loya popanda kulipira, ndipo panalibe anawauza. Lero kuli Legal Aid Bureau, bungwe la boma limene ntchito yake ndi imeneyo, ngakhale maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi milandu imene ili pamapewa awo. Mnyamata uja anadzatuluka mlandu wake utafika pamaso pa woweruza n'kuoneka kuti umboni palibe. Anapeza mkazi wake atakwatiwa kwina, munda atagawana abale. Amene anapha munthu uja sakudziwika mpaka pano.

Mwana wa achemwali anga uja ali fomu 4, ndipo akuti akufuna kukaphunzira zamalamulo ku Zomba. Titamaliza kuonera anandifunsa kuti, "Amalume, ndiye loya wabwino ndi amene saluza?" Ndinamuuza kuti akafunse maparaligo aja anayenda m'midzi mu 2015, chifukwa anthu onse amene ankawathandiza anali ataluza kale. Ndamulonjeza kuti akatsekera sukulu tidzapita limodzi ku khoti la pa boma, tikakhale kumbuyo tsiku lonse, aone yekha kuti mwa anthu amene amalowa m'bokosi muja ndi angati amene amakhala ndi wowayankhulira.