Mazira a Achule M'mwezi wa February

Chapakati pa February mu 2024, ndikuweruka ku ntchito ya usiku, ndinadzera m'paki imene ndimadutsamo masiku onse kuno ku Leicester, ndipo pa kadziwe ka m'mbali mwa njira ndinaona chinthu chonanda ngati thelele, chodzaza ndi timadontho takuda. Anali mazira a achule. Zaka zonse zimene ndakhala ku England ndinkawaona m'mwezi wa March, motero ndinaima kanthawi kuwerengera masiku, poganiza kuti mwina tulo ta ntchito ya usiku tandisokoneza mutu.

Nditayamba kuyang'anitsitsa, ndinapeza kuti achulewo sanali okha pofulumira. Maluwa achikasu a daffodil anali atamasula kale m'mbali mwa msewu, zitsamba zaminga za blackthorn zinali zitayera mbuu, ndipo njuchi yaikulu yaubweya, imene kuno amati bumblebee, inkauluka pansipansi kufunafuna una woti imangemo chisa. Ine ndinasangalala, pakuti munthu wobadwira kotentha salira chisanu chikachoka msanga. Koma agogo ena oyandikana nawo nyumba, amene alima kadimba kawo zaka zambirimbiri, anangopukusa mutu akuyang'ana mtengo wawo wa maula umene unali utatupa mphukira. Mwezi utatha, a zanyengo ku Met Office analengeza kuti February ameneyo anali wofunda kuposa February wina aliyense m'kaundula wawo wa England ndi Wales.

Anthu a kuno ali ndi khalidwe lolemba zinthu zazing'ono zotere, ndipo poyamba ndinkaliyesa chibwana cha anthu osowa chochita. Robert Marsham wa ku Norfolk anayamba mu 1736 kulemba tsiku limene mitengo yaphuka ndiponso limene mbalame zafika, ndipo lero bungwe la Woodland Trust limalandira zolemba zotere kuchokera kwa anthu wamba kudzera mu ndondomeko yake yotchedwa Nature's Calendar. Akatswiri a ku yunivesite ya Cambridge atasanthula zolemba zakale ndi zatsopano, anafotokoza mu 2022 kuti zomera za ku Britain zikumasula maluwa mofulumira ndi pafupifupi mwezi wathunthu poyerekeza ndi kale.

Nkhawa ya agogo aja ndinaimvetsa nditakumbukira chizimalupsa. Mlimi amene wabzala ndi mvula yoyamba ija, dzuwa likabweranso, mbewu zimapserera m'nthaka ndipo amabzala kachiwiri ngati mbewu yatsala. Kufunda kwa mu February kumanyenga chimodzimodzi, chifukwa usiku wozizira kwambiri umabwerabe mu March ngakhale mu April, ndipo duwa la maula likapsa ndi chisanu, chaka chimenecho zipatso palibe.

Palinso vuto lina losaoneka msanga, loti zolengedwa zodalirana sizifulumira mofanana. Mtengo wa oak ukaphuka, timbozi timaswa kuti tidye masamba adakali anthete, ndipo kambalame kotchedwa great tit kamafunika kuti ana ake aswe pa masiku ochepa amene timbozito tachuluka. Ku nkhalango ya Wytham pafupi ndi Oxford, kumene akhala akutsatira mbalamezi kuyambira mu 1947, apeza kuti tsopano zikuikira mazira mofulumira ndi masabata awiri kapena kuposerapo, ndiye kuti izo zakwanitsa kuyendera limodzi ndi timbozi. Zakwanitsa chifukwa zimakhala komweko chaka chonse ndipo zimamva kufunda pathupi pawo. Amene ndimawadera nkhawa ndi anamzeze, amene amathawira chisanu cha kuno kumwera kwa Africa n'kubwerera cha mu April, popeza mbalame imene ili ku South Africa ilibe njira yodziwira kuti ku Leicester kwafunda msanga.

Kumayambiriro kwa March kunazizira usiku wina mpaka udzu unayera, ndipo m'mawa mwake ndinapatukira pa kadziwe kaja. Patapita masiku angapo, mazira amene anali pamwamba pa madzi anali atasanduka otuwa, kusonyeza kuti afa, koma a pansi anali akadali akuda, ndipo m'kati mwa ena timadontho tija tinali titatalika, tikugwedeza timichira.