Ulendo wa ku Domasi ndi nkhani ya chidulo

Tinanyamuka pa Ntcheu boma Lachisanu m'bandakucha, anthu 14, tonse aphunzitsi a masamu ndi sayansi a Fomu 1 ndi 2. A msungichuma ndiwo anafika poyamba monga mwa masiku onse, atakumbatira chikwama cha ndalama ngati khanda.

Pa Chingeni ndi pa Balaka tinadutsa bwinobwino. Titangowoloka Shire pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde, phuu! tayala la kumbuyo. Jeke ya adalaivala inali yaifupi. Apa mpamene abambo athu awiri a fizikisi anavula majekete, wina kukatola mwala, wina mtengo, n'kuyamba kutsutsana poti mwalawo ukhale pati. Wamkulu uja ankati uyandikire galimoto, mnzake ankati ayi, pakati. Wamkulu ndiye analondola, ndipo minibasi inadzuka amuna anayi atatsamira kumapeto kwa mtengo. Amayi nthawiyo anali atagula kale chambo cha madzulo.

Anzathu a sekondale ina yoyendera pafupi ndi Domasi anatilandira ndi thobwa. Anatikumbutsa kuti SMASSE, ndondomeko yolimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi m'masekondale, inayambira ku Kenya mu 1998, ndipo kuno inayamba mu 2004 m'chigawo chawo cha maphunziro cha kumwera chakum'mawa mothandizidwa ndi JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza pa chitukuko. Anabwerezanso za njira yake yophunzitsira ya ASEI-PDSI: mwana agwire yekha, ayesere yekha, mphunzitsi apange zipangizo ndi zomwe zilipo, ndipo phunziro likatha mukhale pansi n'kulikonza. Tinaonerera phunziro la Pythagoras la chingwe cha mfundo, chogawidwa zigawo 12, ana akukoka mbali za 3, 4 ndi 5 mpaka ngodya itakhala ngati ya mmisiri womanga nyumba.

Koma ine chimene ndabwera nacho ndi chidulo. Madzulo, mayi athu a bayoloje anaumirira kuti chambo chopanda thelere si chakudya. A tcheya anati soda, mayi anati soda ndi wa aulesi, n'kupita okha kukapempha phulusa kukhitchini. Anaboola chitini, kuthiramo phulusa ndi madzi, chidulo n'kumadontha. Mkangano unafika poti ena anadyera panja! Ndiye mphunzitsi wachinyamata wa kumeneko anangotuluka, n'kubwera ndi maluwa ofiira a hibisikasi. Anawaviika m'madzi otentha, n'kugawa madziwo m'makapu awiri. M'kapu yoyamba anafinyiramo ndimu, madzi anafiira kwambiri. M'yachiwiri anadonthezeramo chidulo cha mayi aja, madzi anasanduka obiriwira. Tonse ziii, ngakhale a tcheya. Zaka zonsezi ndakhala ndikulemba za ma asidi pabolodi ndikudandaula kuti tilibe litimasi, timapepala tosintha mtundu poyesa asidi, pamene mwana aliyense wa m'kalasi mwanga amaona chidulo kwawo. Lolemba ana anga a Fomu 2 anabwera ndi phulusa m'majumbo, ndipo belu litalira anakana kutuluka.

Zikomo a hedi athu potilola kupita, zikomo anzathu a ku Domasi chifukwa cha matilesi ndi madzi osamba otentha, zikomo adalaivala popirira maphunziro a fizikisi a pamsewu. Mayi a bayoloje, kuyambira lero dzina lanu ndi Nachidulo, tinagwirizana m'minibasi. A msungichuma akuti amene sanamalize ya chambo aonane nawo Lachitatu tisanayambe msonkhano.